Silinda Ikadyeka

Aliyense amene anaimapo m'mawa m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Ndola kunka ku Kitwe, pa nthawi ija imene maminibasi ndi matekisi amalimbirana anthu opita ku ntchito, anaionapo galimoto imene ponyamuka imasiya m'mbuyo mwake mtambo wa utsi wabuluu, wonunkha mafuta opserera, umene umatsalira pamsewu mwini wake atapita kale. Woyenda pansi amangotseka mphuno nadutsa. Koma mwini galimoto, amene dzulo lomweli anathira lita ya oyilo, ndipo lero posolola kachitsulo koyezera wapeza kuti kangonyowa kunsonga kokha, amadziwa mumtima mwake kuti tsiku limene wakhala akulizengereza lafika pakhomo. Pa chilankhulo cha m'magalaja amati galimoto yayamba kudya oyilo, ndipo kawirikawiri gwero la nthendayi ndi kudyeka kwa masilinda ndi maring'i.

Mankhwala ake ndi odziwika, koma mtengo wake si onse angaufikire. Munthu wachuma amapereka makiyi, nabwera tsiku lina kudzalipira. Mutu uno si wa iyeyo ayi. Ndi wa uja amene galimoto yake ndiyo munda wake ndi nkhokwe yake, amene tsiku lililonse limene galimotoyo yakhala pamiyala ndi tsiku limene ana adya zopempha, ndiponso wa makaniko amene munthu wotere amamudalira. Pali zambiri zimene wosauka angadumphe pokonzetsa injini, ndipo tidzazitchula mosabisa. Koma kuyeza sikuli m'gulu limenelo, pakuti pa ntchito yonse ndiko kotsika mtengo koposa, ndipo ndiko kokha kumene kungamuuze pamene ayenera kumasula thumba ndi pamene angalimange.

Nzeru yotalikitsa moyo wa makina si yachilendo m'mizinda iwiriyi, chifukwa inakulira pamodzi ndi migodi. Njanji inafika ku Ndola mu 1909, mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa mu 1932, ndipo mzinda wa Kitwe unakhazikitsidwa pambali pake mu 1936. Ndipo pakati pa khamu limene linasonkhana kudzafuna ntchito panali anthu athu a ku Chipata, kumene masiku amenewo kunkatchedwa Fort Jameson, a ku Katete, a ku Petauke ndi a ku Nyasaland, amene anaphunzira Chibemba cha m'tauni nasunga Chinyanja cha pakhomo. Pa nthawi ya atsamunda umisiri weniweni unkasungidwira azungu, munthu wakuda n'kumangonyamula masipanala. Koma maso sanaletsedwe kuona. Pambuyo pake zinthu zinathina: Ian Smith analengeza ufulu wake woukira ku Rhodesia mu 1965, malire a kumwera anatsekedwa mu 1973, mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo sipeya ya galimoto inasanduka chinthu chofunafuna ndi nyali. M'zaka zimenezo chitsulo sichinkatayidwa chisanafunsidwe kawiri ngati chathadi. Ndipo pamene migodi ya kampani ya ZCCM inagulitsidwa, wa Nkana n'kupita m'manja mwa kampani ya Mopani m'chaka cha 2000, amisiri ambiri amene ntchito inawathera anatengera luso lawo ku mabwalo a ku Chimwemwe, ku Wusakile, ku Masala ndi ku Chifubu, kumene lero amagwira ntchito moyandikana ndi anyamata otuluka ku Northern Technical College ya ku Ndola.

Tsono silinda n'chiyani? Ndi dzenje lobulungira bwino, losalala, lobooledwa mu buloko ya injini, ndipo m'kati mwake mumayenda pisitoni, monga momwe munsi umalowera ndi kutuluka mumtondo. Pisitoni payokha singatseke dzenjelo, popeza iyenera kukhala ndi mpata woyendera; ntchito yotseka ndi ya maring'i, timikombero tachitsulo todulidwa pamalo amodzi, timene timakhala m'mizere ya pisitoni n'kumakankha khoma la silinda. Amene anatulukira ring'i yoduka chotere anali John Ramsbottom, katswiri wa sitima za pamtunda ku England, mu 1852, ndipo nzeru yakeyo inalowa m'magalimoto osasintha kwenikweni. Kawirikawiri maring'i amakhala atatu: awiri apamwamba amatsekera mphamvu ya moto kuti isathawire pansi, ndipo yachitatu imapala oyilo kuti asakwere kukapsa. Injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, pisitoni iliyonse imakwera ndi kutsika ka 50 pa sekondi imodzi, ndiko kuti ka 180,000 pa ola limodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo monga mtondo wa agogo umakumbika ndi zaka, momwemonso khoma la silinda limaperepeseka.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti silidyeka mofanana ponseponse. Kumtunda, pamene ring'i yoyamba imaima kuti ibwerere, ndi pamene moto uli waukali, mphamvu yokankhira ring'i kukhoma ili yaikulu, ndi oyilo ali wochepa. Chotero pamenepo ndi pamene pamadyeka koposa, pamene kunsi, kosambitsidwa ndi oyilo nthawi zonse, kumatsala pafupifupi monga kunachokera kufakitale. Silinda yotha imakhala ngati ndowa, yotakasuka kukamwa, yochepa kutsinde. Ndiponso popeza mkono wa pisitoni umapendekeka pokankha kiranki, pisitoni imatsamira mbali imodzi, ndipo dzenje lija limasiya kubulungira n'kuyamba kufanana ndi dzira. Pamwamba penipeni, pamene ring'i siifika, pamatsala kamlomo kosadyeka kamene chikhadabo chimakodwapo. Ring'i yoyenda m'dzenje lotere iyenera kufutukuka pokwera ndi kufinyika potsika, ka 50 pa sekondi, ndipo ikalephera kutsatira khoma, moto umatsikira ku oyilo ndi oyilo amakwerera kumoto.

Adani aakulu a khoma limeneli ndi awiri, ndipo onse ali pakhomo ku Copperbelt. Woyamba ndi fumbi. Pa lita imodzi ya petulo injini imameza mpweya wokwana malita pafupifupi 10,000, ndipo amene anakhalapo ku Kitwe kuyambira mwezi wa August kufikira mvula yoyamba, pamene mphepo imanyamula fumbi la m'misewu ya m'makomboni ndi la pa milu ya zotsalira za migodi, angaganize yekha zimene zili mumpweya umenewo. Sefa ya mpweya yong'ambika, kapena yabodza, kapena yobooledwa ndi msomali kuti galimoto ipume bwino, kapenanso paipi ya labala yosweka pakati pa sefa ndi injini, zimalowetsa mchenga wosaoneka umene ukasakanikirana ndi oyilo umasanduka mphero.

Mdani wachiwiri ndi kuzizira, ndipo uyu anthu ambiri samukhulupirira. Lita ya petulo ikapsa imabala madzi okwana pafupifupi lita imodzinso, amene injini yotentha imawatulutsa ngati nthunzi. Koma khoma likakhala lozizira, nthunziyo imachita mame pachitsulo, n'kusakanikirana ndi sulufule wa m'mafuta, n'kukhala asidi amene amadya khoma, maring'i n'kumapala dzimbirilo pa ulendo uliwonse. Akatswiri a ku England anatsimikizira zimenezi m'zaka za m'ma 1930. Dizilo wakale anali ndi sulufule wambiri, ndipo n'chinthu chothokoza kuti kuyambira mu 2023 paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imabweretsa dizilo wa sulufule wochepa. Koma pali chizolowezi chimodzi chimene chimandimvetsa chisoni, chochotsa thermostat poganiza kuti dziko lathu ndi lotentha ndipo kachipangizoko ndi ka kumaiko a chisanu. Kachipangizo kameneka ntchito yake ndi kufikitsa injini msanga pa kutentha koyenera. Ndipo galimoto yochotsedwa thermostat, yoyenda maulendo afupiafupi m'mawa wa June ndi July, imakhala maola ambiri ikudzidya yokha. Ngati galimoto ikuwira, cholakwa chifunidwe mu radiyeta, m'pampu ya madzi kapena mu fani.

Munthu asanamasule bawuti ndi imodzi yomwe, afunse kaye utsiwo uthenga wake, pakuti safunsa anadya phula. Utsi wakuda ndi wa mafuta ochuluka. Woyera wosatha, madzi n'kumachepa mu radiyeta, umaloza ku gasiketi ya hedi. Wabuluu ndiwo wa oyilo. Koma ngakhale wabuluuwo uli ndi magwero angapo. Ukamatuluka pongoliza m'mawa, kapena galimoto itaima nthawi ikulira, kenaka n'kuleka, kawirikawiri ndi timalabala ta mavavu tauma, ndipo timeneti ndi totsika mtengo. Ukamatuluka pokwera mtunda ndi ponyamula katundu, ndipo potsegula chivundikiro chothirira oyilo pakutuluka mpweya wofuka ngati wa m'ketulo, pamenepo mlandu uli pa maring'i ndi masilinda. Geji ya compression ndiyo mboni yachiwiri: injini ikhale yotentha, mapulagi onse achotsedwe, phazi liponde mafuta mpaka pansi, ndipo silinda iliyonse iyezedwe n'kulembedwa. Ziwerengerozo zisasiyane kuposa gawo limodzi mwa magawo 10. Imene yatsika ithiridwe supuni ya oyilo pabowo la pulagi n'kuyezedwanso. Muvi ukakwera kwambiri, ndiye kuti oyiloyo watseka mpata wa maring'i, koma ukakhala pomwepo, vuto lili ku mavavu kapena ku gasiketi. Njira ya supuniyi ndi ya injini za petulo, pakuti mu injini ya dizilo oyiloyo angathe kuyaka.

Pali chinthu china chimene mabuku ambiri olembedwa kunja sanena, chimene makaniko wa ku Ndola ndi ku Kitwe ayenera kuchikumbukira. Mizinda iyi ili pamtunda wopitirira mamita 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamtunda ndi wopepuka. Kotero injini yathanzi imene ikanaonetsa 180 pa geji ku Dar es Salaam, ikafika kuno imaonetsa pafupifupi 160. Wosadziwa zimenezi angaweruze injini yosalakwa, n'kuphwasulitsa munthu galimoto imene inangofunika timalabala ta mavavu.

Tsopano tinene kuti mboni zonse zagwirizana, hedi yachotsedwa, sampu yatsitsidwa, mapisitoni atuluka. Ndinaonapo mkulu wina wa kwathu ku Katete, amene ndinkamutcha amalume monga mwa ulemu wa kwathu, akuweruza buloko ya Toyota Corolla ya injini ya 4A pansi pa mtengo wa mango ku Chimwemwe. Bulokoyo inali itagona pa tayala lakale. Anayamba wapukuta dzenje lililonse ndi kansanza, nayendetsa chikhadabo kuchokera pansi kukwera nacho mpaka chinakodwa pa kamlomo, napendeketsa buloko kudzuwa kufuna mikwingwirima. Kenaka anatenga ring'i yatsopano ya muyeso wa standard, naiika m'dzenje, naikankha ndi pisitoni yozondotsa kuti ikhale mowongoka, mpaka kunsi kumene sikudyeka. Ndipo pa mpata wa pakati pa nsonga ziwiri za ring'iyo analowetsa timalilime ta feeler gauge, kamodzikamodzi, kufikira kamene kanalowa mokhuza pang'ono. Analemba ndi choko pabuloko: 0.30. Anaikweza ring'i yomweyo mpaka pansi penipeni pa kamlomo, nayezanso, nalemba: 0.75.

"Amalume," ndinatero ine, "ndiye kuti yadyeka ndi 0.45?"

"Iyayi, mphwanga," anayankha, "umenewo ndi mkombero. Gawani patatu."

Ndipo anali kunena zoona, pakuti mkombero wa chinthu chobulungira umaposa kutambalala kwake katatu ndi kachidutswa, ndiko kuti 3.14, chotero silinda imene inabadwa ya mamilimita 81 inali itakula kumtunda ndi 0.14 chabe, ngati tsitsi ziwiri zogundana. Ndi ring'i imodzi, choko ndi timalilime tachitsulo, zimene mtengo wake sufika pa wa malita ochepa a oyilo, anadziwa chimene ena amangochiganizira. Njirayi ili ndi malire ake, chifukwa siionetsa bwino ngati dzenje lasanduka dzira. Ndiye chifukwa chake, pamene chiwerengero chayandikira malire, n'kwanzeru kunyamula buloko kupita nayo kwa a makina, amene ali ndi geji yoyezera dzenje m'litali ndi mopingasa. Malire enieniwo ali m'buku la injini iliyonse, ndipo pa injini zazing'ono za Toyota za mtundu umenewu ali pafupifupi 0.2 ya milimita.

Kudyeka kukakhala kosafika pa malirewo, ndipo khoma lilibe mikwingwirima yozama, wosauka ali ndi ufulu wonse woika maring'i atsopano okha n'kusiya buloko momwe ilili. Si chinyengo ayi, ndi ntchito yovomerezeka, malinga ichitidwe mwadongosolo. Kamlomo kaja kayenera kuchotsedwa, chifukwa ring'i yakale inadyeka pamodzi nako n'kuzolowerana, pamene yatsopano, ya ngodya zakuthwa, idzakamenya pa ulendo uliwonse mpaka kuthyoka kapena kuswa mzere wa pisitoni. Khoma limene lasalala ngati galasi liyenera kukandidwa pang'ono ndi timiyala ta honing tozungulitsidwa ndi dirilo, tikukwera ndi kutsika mosalekeza, kuti patsale timizere topingasana ngati maluko a mphasa. M'timizere timenemo ndimo mumakhala oyilo, ndipo ndito timanola ring'i kuti ikhazikike. Apa dzanja lisalemere, pakuti chitsulo chimene chachoka sichibwerera, monga madzi akatayika saoleka. Mizere ya pisitoni ipalidwe mwaye wouma ndi chidutswa cha ring'i yakale, timabowo ta kuseri kwa ring'i ya oyilo titsegulidwe, ndipo ring'i yatsopano iyesedwe mumzere wake, chifukwa mzere wotakasuka umapopa oyilo ngakhale silinda ili bwino. Mpata wa nsonga uyezedwe kunsi kosadyeka. Mbali yolembedwa TOP iyang'ane kumwamba, ndipo mipata ya maring'i atatuwo isaloze kumodzi.

Koma ntchito imene imanyozedwa koposa, imene nthawi zambiri amaisiyira mnyamata wongoyamba kumene, ndiyo kutsuka. Timiyala tija timasiya mchenga wake m'timizere ta khoma, ndipo petulo kapena parafini samauchotsa, amangouyendetsa. Chimene chimauchotsa ndi madzi otentha, sopo ndi burashi, kubwereza kufikira nsalu yoyera yopaka oyilo pang'ono ituluke m'dzenje ili yoyerabe. Kenaka kuumitsa msanga ndi kupaka oyilo dzimbiri lisanagwire. Mkulu uja anabweza mnyamata wake katatu ku mpopi, akumuonetsa nsalu ija osanena mawu ambiri. Ndaona injini zambiri zimene zinagulidwira maring'i abwino, n'kuyambanso kufuka miyezi itatu isanathe, ndipo mwini wake n'kumatukwana wogulitsa masipeya, pamene wakupha anali mchenga wotsalira.

Kudyeka kukapyola malire, palibenso kukambirana: ring'i yobulungira singatseke dzenje losabulungira, ndipo fanizo la chigamba chatsopano pa chovala chakutha likwanira pamenepa. Buloko iyenera kupita ku rebore, kumene makina amakuza dzenje mpaka libulungirenso, n'kuikamo mapisitoni okulirapo. Miyeso yake imakwera ndi 0.25, 0.50, 0.75 mpaka 1.00 ya milimita, imene akuluakulu ophunzira m'masiku a mainchi amaitchabe 10, 20, 30 ndi 40 thou, ngakhale si injini zonse zili ndi mapisitoni a miyeso yonseyi. Mwambo wake ndi wakuti a makina ayambe ayeza kuti anene muyeso wofunika, mapisitoni agulidwe, ndipo dzenje libooledwe motsatira pisitoni imene ili m'manja, pakuti mpata wa pakati pa ziwirizi ndi wochepa ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Masilinda onse akuzidwe mofanana. Ndipo asalumphire ku muyeso waukulu pamene waung'ono ukanakwanira, chifukwa muyeso uliwonse wotsala ndi moyo wina wa injiniyo.

Nthawi zina silinda imodzi yokha ndiyo yavulala, ring'i itathyoka n'kukumba ngalande, zinzake zitatu zili bwino. Pamenepo silivi ingapulumutse thumba: dzenje lovulalalo limakuzidwa, n'kukhomeramo chitoliro chachitsulo, n'kuchiboola kubwerera ku standard, kotero kuti mapisitoni enawo sagulidwanso. Akale amakumbukira Peugeot 404 ndi 504, zimene masilinda ake anali osolola, okhudzana ndi madzi, ogulidwa pamodzi ndi mapisitoni ake. Magalimoto ambiri akuluakulu akadali otero. Koma magalimoto ang'onoang'ono a ku Japan amene adzaza misewu lero, olowera pa Nakonde kuchokera ku doko la Dar es Salaam, ambiri ali ndi buloko ya aluminiyamu yokhala ndi khoma lachitsulo lopyapyala loumbidwira momwemo. Injini za 1NZ ndi 1ZZ ndi zotere, ndipo a Toyota eni ake amati zisabooledwe. Alipo a makina amene amaziika masilivi, ndipo ntchitoyo imaima kapena kugwa ndi luso la dzanja limene laichita. Chotonthoza n'chakuti injini zoterezi kawirikawiri zimadya oyilo chifukwa ring'i ya oyilo yamatirira ndi mwaye, khoma lili bwinobwino. Apanso woyeza amapulumuka pamene woganizira amataya buloko.

Yatsala njira imene ambiri amathamangira masiku ano, yogula injini yakale yochokera kunja. Nthawi zina ndiyo yanzeru, makamaka pamene kiranki nayo yadyeka, hedi yapindika, ndipo mtengo wa zonse pamodzi waposa wa injini yathunthu. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: injini yotsukidwa bwino kunja siinena zaka zake. Wogula atsegule chivundikiro cha pamwamba aone ngati muli phala lakuda, achotse mapulagi aone nsonga zake, azungulitse kiranki ndi sipanala amve ngati silinda iliyonse ikukaniza, ndipo pangano lakuti angaibweze ikapezeka yofuka lilembedwe papepala. Asaiwalenso kuti nambala ya injini iyenera kugwirizana ndi ya mu white book ya galimotoyo, ndipo kusinthako kumalembetsedwa ku ofesi ya RTSA.

Pali kuchepetsa mtengo koona, ndipo pali konyenga, ndipo kusiyana kwake kuyenera kunenedwa poyera. Kuthira oyilo wolemera ngati uchi, kapena mankhwala a m'chitini oletsa utsi, kumabisa nthenda kwa milungu yochepa, ndipo kukachitidwa pofuna kugulitsa galimoto kwa munthu wosadziwa, ndi kuba ndithu, kofanana ndi kusunga miyeso iwiri m'thumba limodzi. Kuika maring'i a muyeso wokulirapo m'dzenje la standard ndi msampha woipa koposa, pakuti ring'i imene yakwana kumtunda kotakasuka imathina kunsi, ndipo ikatentha n'kufutukuka, nsonga zake zimagundana, n'kuthyoka kapena kukanda khoma, mwini galimoto n'kutaya ngakhale buloko imene anali nayo. Ndipo ngakhale nsongazo zipalidwe, ring'iyo inapindidwira dzenje lina. Masipeya abodza, a m'mabokosi okongola, nawonso ali ponseponse m'misika. Pa maring'i, pa mabering'i ndi pa gasiketi ya hedi, ndi bwino kugula zodziwika kwa wogulitsa amene adzapezeka pamalo pomwepo mawa. Penti ya injini, mapaipi onyezimira ndi zina zokometsera zingadikire.

Chimene ndinachilemekeza mwa mkulu uja, kuposa luso la manja ake, ndi mawu amene anauza mwini Corolla ija, munthu wa tekisi amene anali atakhala pa benchi tsiku lonse chipewa chili m'manja. Sanamulonjeze injini yatsopano. Anamuonetsa ziwerengero za choko zija, namuuza kuti, "Bambo, apa tiika maring'i ndi mabering'i, ndipo utsi uleka. Koma dzenjeli layamba kale ulendo wake. Tikadzatsegulanso, ndi rebore. Muyambiretu kusunga pang'onopang'ono, ndipo sefa ya mpweya musamaiumire." Wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu wouzidwa chotere amadziwa chimene wagula, amakonzekera tsiku limene likudza, ndipo sadzaima pa bwalo la galaja akufuula kuti anamubera.

Injini ikatsekedwa, ntchito siinathe, chifukwa maring'i atsopano ndi khoma lokandidwa ziyenera kuzolowerana, ndipo zimatero pa makilomita oyambirira okha. Ambiri amalakwa poisiya ikulira pamalo amodzi tsiku lonse, poyesa kuti akuichitira chifundo. Koma ring'i imakankhidwira kukhoma ndi mphamvu ya moto, ndipo injini yongolira yopanda katundu imasalalitsa khoma maring'i asanakhazikike. Ikangotentha, n'kuona kuti nyali ya oyilo yazima ndipo palibe podontha, ituluke pamsewu. Pa makilomita 1,000 oyamba isathamangitsidwe mpaka kukuwa, isakwezedwe mtunda pa giya yolemera, isadzazidwe katundu, ndipo liwiro lizisinthasintha. Pambuyo pake oyilo ndi fyuluta yake zichotsedwe, pakuti zimakhala zitanyamula tizitsulo tonse ta kuzolowerana kuja.

Corolla ija tinaitulutsa madzulo a tsiku lachitatu, mkuluyo ali pa chiwongolero, mwini wake ali pambali, ine ndi mnyamata uja tili kumbuyo ndi chigubu cha madzi. Tinatuluka m'Kitwe, tinaoloka mlatho wa Kafue, ndipo pa msewu wa ku Ndola iye ankaponda mafuta kwa kanthawi, galimoto n'kukoka, kenaka n'kuchotsa phazi kuti itsike yokha, n'kupondanso, maso ake akusinthana pakati pa muvi wa kutentha ndi galasi loonera kumbuyo. Poyamba kunkaoneka kautsi kopyapyala, ka oyilo amene anapakidwa pomanga. Tisanafike pa mphambano ya ku Luanshya kanali katatha. Ku Ndola anaimika galimoto pamalo athyathyathya, nadikira mphindi zingapo kuti oyilo atsike, nasolola kachitsulo koyezera, nakapukuta, nakabwezera, nakasololanso, nakapereka kwa mwini galimoto kuti adzionere yekha pamene oyilo analekezera.